Msilikali Akabwera ndi Bala: Mafunso ndi Mayankho kwa Mabanja a ku Hara

Ife a ku Hara nkhani za usilikali sitizimvera pa wailesi pokha. Balaki ya Chilumba ili pafupi nafe, ndipo aliyense wokulira kuno anaonapo anyamata a yunifolomu akudutsa pamsewu wa M1 kapena akugula mpunga pa Uliwa. Ena ndi ana athu, ena anakwatira alongo athu. Akamanyamuka ulendo wa ku Congo timawaperekeza ndi mapemphero. Akamwalira timawaika mwaulemu, mbendera ili pabokosi, mfuti zikulira kumanda. Koma za uja wabwera wamoyo ali ndi bala sitikambakamba. Kabuku kano ndalembera iyeyo, mkazi wake, mayi ake ndi mfumu ya m'mudzi mwake.

Malawi sali pankhondo. Nanga asilikali ovulala achokera kuti?

Dziko lathu lili pamtendere, koma asilikali athu akhala akumenya nkhondo za kwina kwa zaka zoposa 100. Boma lathu lino la Karonga ndilo linayamba kulawa: pa 9 September 1914 asilikali a Angelezi ndi a Ajeremani anamenyana pa Karonga penipeni, ndipo ambiri mwa amene anagwa tsiku limenelo anali anthu akuda. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse imeneyo amuna zikwizikwi anatengedwa kukasenza katundu ngati amtengatenga, ndipo ambiri anabwera ali opunduka kapena odwala. John Chilembwe analemba kalata ku nyuzipepala chaka chomwecho, kudandaula kuti osauka ndi amene akufa ndi kulumala pa nkhondo yosakhala yawo, n'kusiya amasiye opanda owasamala. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse asilikali a King's African Rifles (KAR) ochokera kuno anafika mpaka ku Burma. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 asilikali athu ankalondera njanji ya Nacala pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, ndipo ena anatsala komweko.

Masiku ano dzina limene limagunda mitima ya azimayi ndi Congo. Mu 2013 asilikali a Malawi analowa m'gulu la United Nations lolimbana ndi zigawenga kum'mawa kwa dzikolo, limodzi ndi a Tanzania ndi a South Africa. Mu November 2018 asilikali athu angapo anaphedwa pafupi ndi Beni. Mmodzi mwa iwo anali Private Chancy Chitete, amene anawomberedwa akupulumutsa mnzake wa ku Tanzania wovulala. Mnzakeyo anachira, ndipo mu 2019 United Nations inapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne. Mu January 2025 asilikali athu atatu a gulu la SADC anaphedwa pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 kufupi ndi Goma. Nthawi zonsezi ena anavulala n'kubwera kwawo. Maina a akufa timawamva pa wailesi. A ovulala sitiwamva, koma ali m'midzi ndi m'makomboni athu. Onjezanipo amene avulala pa ngozi za galimoto ali pantchito, kapena pa maphunziro a usilikali.

Kuthandizana kwa ovulala okhaokha n'kutani? Si kuchezerana kumene timachita kale?

Kuchezera wodwala timadziwa, ndipo timachita bwino sabata yoyamba. Anthu amadzaza khonde, wina wabweretsa nkhuku, wina mkoko wa nthochi. Pakatha mwezi khonde lija limakhala zii. Kuthandizana kumene ndikunena kuno kumayamba pamene alendo asiya kubwera. Ndi pamene munthu amene anavulala kale, n'kudutsa m'chigwa chimenecho, adzipereka kuyenda ndi amene wangovulala kumene: kumuyendera pa tsiku lodziwika, kumuperekeza ku chipatala, kumuonetsa mmene amasambira ndi mwendo umodzi, kumuyankha foni pakati pa usiku. Chimodzimodzi mkazi amene wasamala mwamuna wovulala kwa zaka amagwira dzanja mkazi mnzake amene wangoyamba kumene.

Wothandizayo si dokotala, salemba mankhwala. Si mkulu wa asilikali, salamula. Chimene ali nacho n'chakuti zimene mnzake akuona iye anaziona.

N'chifukwa chiyani mawu a wovulala mnzake amalowa pamene a ife achibale akungobwerera?

Funsoli amafunsa ndi azimayi ambiri, ena akugwetsa misozi, chifukwa zimapweteka kuona mwamuna amene ukum'tawasa usana ndi usiku akumasukira munthu wina. Musadziimbe mlandu, amayi. Msilikali anaphunzitsidwa kuti ululu sauonetsa. Kuyambira tsiku limene analowa pachipata cha sukulu ya usilikali ku Salima anauzidwa kuti mwamuna salira, mwamuna sabwerera m'mbuyo. Pamaso pa mkazi wake ndi ana ake akufunabe kukhala mzati wa nyumba. Kunena kuti "ndikuopa" kwa inu kuli ngati kuvula pagulu. Koma kwa mnzake amene anagona naye m'dzenje limodzi, kapena amene anadukanso mwendo, palibe choti abise. Sayamba n'kufotokoza kuti bomba limamveka bwanji.

Palinso china. Dokotala wa miyendo iwiri akanena kuti udzayendanso, wodwala amavomera ndi pakamwa pokha. Koma munthu akalowa m'chipinda akuyenda yekha, n'kukhala pansi, n'kukwinya buluku kuonetsa mwendo wochita kupanga, pamenepo mtima umakhulupirira. Ndipo phindu silipita kumodzi. Wothandizayo nayenso amachira, chifukwa munthu amene ankadziona ngati katundu wa ena wapeza woti akumudalira.

Kodi kwina kunja zimenezi zinachitikapo?

Inde, ndipo limodzi mwa maiko amene azikonza mwadongosolo ndi Israel, kumene achinyamata athu ena apita kukagwira ntchito m'minda kuyambira chakumapeto kwa 2023. Kumeneko achinyamata ambiri amalowa usilikali mwalamulo, choncho mabanja ambiri ali ndi msilikali. Mu 1949 asilikali amene analumala pa nkhondo ya 1948 anayambitsa bungwe lawolawo. Bungweli linamanga malo otchedwa Beit Halochem, kutanthauza nyumba ya wankhondo. Yoyamba inatsegulidwa ku Tel Aviv mu 1974, zina zinatsatira ku Haifa, Jerusalem ndi Beersheba. Kumeneko ovulala amachita mafizo, amasambira, amasewera mpira ali pa njinga za olumala, ndipo chimene ine chimandigwira mtima n'chakuti amabwera ndi akazi awo ndi ana awo. Banja lonse limawerengedwa kuti lavulala.

Itatha nkhondo ya ku Lebanon ya 2006, asilikali ena ovulala anayambitsa gulu lotchedwa Brothers for Life. Njira yawo ndi yosavuta kumva: amene anavulala kale amapita ku chipatala kukakhala pambali pa bedi la amene wangobwera kumene, ndipo samusiya ngakhale atatuluka. Chiyambireni nkhondo ya ku Gaza mu October 2023, ovulala achuluka zedi ndipo magulu otere alemedwa ndi ntchito.

Ndinene poyera kuti kutchula Israel sikuvomereza nkhondo. Ku Gaza anthu wamba ochuluka kwambiri, kuphatikizapo ana, aduka manja ndi miyendo, ndipo alibe nyumba zosambiriramo kapena zipatala zokwanira. Bala silifunsa mbendera. Chimene tikutengako ndi nzeru imodzi yokha, yakuti ovulala aja sanadikire kuti wina awakumbukire. Anadzisonkhanitsa okha, ndipo atakhala gulu mawu awo anamveka ku boma.

Iwo ali ndi ndalama. Ife a ku Hara tingayambire pati?

Nyumba zikuluzikulu zija zinabwera patapita zaka 25. Chinayamba ndi anthu kukhalira pamodzi, ndipo chimenecho ife tili nacho kale. Taonani sikimu yathu ya mpunga. Palibe mlimi amene amapatutsa madzi a mumtsinje wa Hara payekha. Ngalande timakonza limodzi, madzi timalandirana, ndipo wina akadwala nthawi yowokera anzake amamuwokerera. Taonani mabanki m'khonde a azimayi, mmene amasungira buku ndi kusunga tsiku lokumana.

Taonaninso malipenga. Gule ameneyu anabadwa ndi anthu amene anaona perete wa asilikali pa nthawi ya nkhondo yoyamba ija. Kuguba kwake, zovala zake zoyera bwino, maudindo a m'boma la malipenga, zonsezo n'zochokera ku usilikali. Ine ndimaona kuti agogo athu, pobwera ku nkhondo ndi zinthu zosaneneka m'mitima, anapeza njira yokumanira, yokhalira pamzere umodzi ndi anzawo, yosandutsa kuguba kwa nkhondo kukhala chisangalalo cha pamudzi.

Chitsanzo chapafupi kwambiri ndi cha Edzi. Amene tili ndi zaka timakumbuka nthawi imene munthu ankafa osatchula dzina la matenda ake. Zinthu zinayamba kusintha pamene anthu okhala ndi kachilombo anayamba kukumana okhaokha, monga m'bungwe la NAPHAM, ndipo ma ARV aulere atayamba mu 2004 anali iwowa amene ankalimbikitsa anzawo kumwa mankhwala mwandondomeko. Ku Harare, dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pabenchi kunja kwa chipatala n'kumamvetsera anthu ovutika maganizo, ndipo njira imeneyi yathandiza anthu ochuluka. Benchi ndi mtengo wa mango ku Hara sizisowa.

Mwamuna wanga anabwera wopanda bala lililonse, koma si yemwe uja. Kodi analodzedwa?

Apa ndikhalitsapo, chifukwa bala losaoneka ndilo limapasula mabanja ambiri. Mukukumbuka chivomezi cha mu December 2009? Kwa masabata ambiri anthu m'boma lino ankagona panja. Lole ikadutsa pamsewu nyumba n'kunjenjemera pang'ono, mtima unkadumpha, miyendo n'kuthamangira pakhomo munthu asanaganize n'komwe. Palibe amene anatilodza. Thupi linaphunzira mantha, ndipo linachedwa kuiwala.

Msilikali amene wakhala miyezi m'nkhalango akuyembekeza chipolopolo nthawi iliyonse, amene wanyamula mtembo wa mnzake, kapena waona ana ataphedwa m'mudzi, thupi lake limaphunzira mantha otero mozama kwambiri. Ambiri amakhazikika pakapita masabata angapo. Ena ayi. Amalota zoopsa n'kudzuka ali thukuta kamukamu. Masana zimene anaona zimamubwerera ngati zikuchitika pompano. Chitseko chikamenyetseka, kapena tayala likaphulika, amadzigwetsa pansi. M'tchalitchi amakhala kumbuyo, pafupi ndi khomo. Safuna msika, safuna maliro, safuna fungo la nyama yowotcha. Amapsa mtima ndi kanthu kakang'ono, kapena amangokhala duu, osasekanso ndi ana. Ena amadziimba mlandu kuti bwanji ine ndatsala mnzanga atapita. Zizindikiro zotere zikapitirira mwezi ndipo zikusokoneza moyo, achipatala amazitcha PTSD. Ndi matenda odziwika padziko lonse, amagwira ngakhale asilikali olimba mtima koposa, ndipo ali ndi chithandizo.

Dziwaninso kuti kuphulika kwa bomba kumatha kugwedeza ubongo ndi kuwononga makutu popanda magazi kutuluka. Munthu amaiwalaiwala, mutu umamupweteka kawirikawiri, m'makutu mumalira ngati nkhululu. Mukamuitana osayankha, mwina si mwano, sakumva. Akapimidwe.

Pemphero sindiletsa, inenso ndimapemphera. Koma ndaona mabanja akugulitsa mbuzi ndi matumba a mpunga kuzungulira kwa asing'anga, kenako n'kuloza chala azakhali okalamba kuti ndiwo achita nsanje ndi ndalama za ku Congo. Ku Karonga kuno tikudziwa kumene kulozana zala kotere kumathera. Nkhalamba zosalakwa zavulazidwa ndi kuphedwa chifukwa cha mawu oti ufiti. Tisawonjeze bala pa bala.

Kodi tizimufunsa zimene anaona kunkhondo kuti zimuchoke mumtima?

Musamukakamize. Akatswiri anapeza kuti kuumiriza munthu kufotokoza zonse zoopsa atangobwera sikuthandiza, ndipo kwa ena kumawonjezera vuto. Mulekeni anene yekha, pa nthawi yake, kwa amene wamusankha. Akayamba kulankhula, mvetserani osamudula, osamuweruza, osathamangira kunena kuti iwalani zimenezo. Ndipo funso lija anyamata amakonda kufunsa pa bawo, lakuti munapha angati, lisamveke pakhomo panu.

Nanga mkazi amene akusamala wovulala, amusamala ndani?

Kawirikawiri palibe. Alendo onse amafunsa kuti bambo ali bwanji, n'kumudutsa mayi amene sanagone tulo tokwanira kwa miyezi itatu. Iye ndiye wotunga madzi, wochapa zofunda, wonyamula mwamuna kupita naye kuchimbudzi, wopita kumunda, wosaka fizi ya ana. Ngati banja linkakhala m'nyumba ya kubalaki ndipo bambo apuma ntchito chifukwa cha kuvulala, mayiyu amasiya anzake amene anazolowerana nawo n'kukakhala kumudzi kwa mwamuna, pakati pa apongozi ndi alamu amene mwina akumuyang'ana ndi diso la ndalama.

Pali zinthu zimene mayi wotere sanganene kwa apongozi ake, ngakhale kwa abusa. Sanganene kuti watopa. Sanganene kuti nthawi zina amalakalaka atangothawa, kenako n'kudzida yekha chifukwa cha ganizo limenelo. Sanganene kuti za m'nyumba zinasintha chivulalireni bambo. Kwa mkazi mnzake amene anadutsamo, zonsezi zimatuluka, ndipo amamva kuti si iye yekha, si mkazi woipa. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti azimayi akhale ndi tsiku lawolawo, osati kungokhala kumbuyo kwa amuna awo pa msonkhano. Achibale nanu gawanani ntchito. Mlamu atenge tsiku limodzi pa sabata kukhala ndi wodwala kuti mayi apite ku msika, ku kwaya, kapena angogona.

Ana tiziwauza chiyani?

Zoona, m'mawu a msinkhu wawo. Mwana akapanda kuuzidwa amadzipangira yankho, ndipo kawirikawiri amaganiza kuti bambo akukalipa chifukwa iye walakwa. Muuzeni kuti bambo anavulala kuntchito, kuti nthawi zina mutu wawo umakumbuka zoopsa, ndipo kuti si chifukwa cha iye. Mulole aone chilonda chikapola, agwire ndodo zoyendera, afunse mafunso. Aphunzitsi ake adziwitsidwe. Mwana wamkazi wamkulu asasiyitsidwe sukulu kuti akhale namwino wa bambo ake.

Akayamba kumenya, kumwa mowa mwauchidakwa, kapena kukamba zodzipha, gulu lingathe?

Ayi, pamenepa gulu palokha silikwanira, ndipo wothandiza wabwino amadziwa polekezera. Ambiri amayamba kachasu kapena chamba pofuna kupeza tulo. Tulo ta mowa sitichotsa maloto oipa, timangowonjezera mkwiyo ndi ngongole. Mnzake angathe kumuuza zimenezi maso ndi maso kuposa wina aliyense, koma kusiya mowa kwa munthu amene wazama kumafuna achipatala. Ku Mzuzu kuli St John of God, kumene amathandiza odwala maganizo ndi ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Poyambira pafupi ndi chipatala cha Chilumba kapena chipatala cha boma ku Karonga, kumene angakutumizeni koyenera. Amene akadali pantchito ayambire kwa achipatala ndi abusa a kubalaki.

Kumenya ndi kumenya, ngakhale womenyayo ali ndi bala la nkhondo. Mayi ndi ana ayambe apulumuka, kenako bambo athandizidwe. Dziko lino lili ndi lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, ndipo kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit. Ankhoswe musabweze mayi ku nyumba ya zibakera ndi mawu akuti pirirani, anavutika kunkhondo.

Munthu akanena kuti kuli bwino ndingofa, kapena ayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, musayese nthabwala. Mufunseni mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Kufunsa sikumupatsa ganizolo, kumamutsegulira khomo loti alankhule. Musamusiye yekha. Chotsani pafupi zingwe, mankhwala a mbewu ndi a m'munda, ndi chida chilichonse. Pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chinsinsi cha gulu chimathera pamene moyo wa munthu uli pangozi, ndipo aliyense wolowa m'gulu auzidwe zimenezi pa tsiku loyamba.

Pa za thupi, ovulala anzake angamuphunzitse chiyani chimene achipatala sanamuuze?

Zambiri, chifukwa kuchipatala nthawi imachepa. Munthu woduka mwendo amatha kumva kuwawa kapena kuyabwa ku phazi limene kulibe. Ambiri amabisa poopa kuti anthu ati wapenga, kapena kuti mwendo uja ukumuitana kumene unakwiriridwa. Ndi mitsempha ndi ubongo zimene zikukumbukabe chiwalocho, ndipo zimachitikira oduka ziwalo ambiri. Mnzake akangoti inenso zimandichitikira, theka la mantha latha.

Anzake amamuonetsa kamangidwe ka bandeji kuti pamene panadulidwapo paumbike bwino, kuyang'ana khungu tsiku lililonse, ndi kusagona bondo lili lopinda nthawi yaitali, chifukwa likauma chopinda mwendo wochita kupanga suvalika. Kutentha kwa kunyanja kuno kumabweretsa thukuta ndi zilonda, choncho sokosi za pamwendopo zichapidwe ndi kuuma bwino. Mwendo wopangawo ukayamba kukhwepa kapena kulasa, abwerere nawo akaukonze, asaupachike kudenga. Pa chipatala chachikulu cha Mzuzu pali malo opangira miyendo ndi zothandizira kuyenda, amene anayamba mothandizidwa ndi bungwe la ku Scotland lotchedwa 500 Miles. Bungwe la MAP nalonso lakhala likuthandiza olumala ndi mafizo ndi zipangizo kwa zaka zambiri.

Wovulala msana amene sangathe kudzitembenuza atembenuzidwe pafupifupi maola awiri aliwonse, usiku womwe. Zilonda za pabedi zimayamba ngati kadontho kofiira kapena kakuda pathako kapena pachidendene, ndipo zikalowa mkati zimapha munthu amene chipolopolo chinamulephera.

Nanga za chipukuta misozi ndi penshoni?

Ili ndi gawo limene gulu limaonetsa mphamvu zake. Munthu mmodzi wa ndodo, wochokera ku Hara, akapita yekha ku ofesi ku Lilongwe n'kuuzidwa kuti mubwere mwezi wamawa, amabwerera ndalama yoyendera itatha ndipo mwina sapitanso. Anthu khumi odziwa mapepala ofunika, otumiza mmodzi kuyankhulira onse, sabwezedwa chimodzimodzi.

United Nations imapereka chipukuta misozi kwa msilikali wolumala kapena kwa banja la womwalira pa ntchito yake yosungitsa mtendere. Mu 2018 ndalama ya imfa inaikidwa pa madola 77,000 a ku America, ndipo ya kulumala imawerengedwa molingana ndi kukula kwa chilemacho. Pempho limadzera ku boma la dziko la msilikaliyo, osati kwa munthu payekha. Choncho sungani pepala lililonse: la kuchipatala cha kunkhondo, la madokotala a kuno, makalata a kuntchito, ndipo mujambulitse ena musunge kwina. Lembani tsiku ndi ofesi iliyonse imene mwapitako. Bungwe la asilikali opuma la VELOM, limene timaliona likugulitsa maluwa ofiira a popi chaka chilichonse chakumayambiriro kwa November, ndi khomo limodzi logogodapo. Zinthu zikaima popanda chifukwa, kuli ofesi ya Ombudsman ndi Legal Aid Bureau.

Ndalamazo zikafika, zimabwera ndi abale amene simunawaone chivulalireni. Kumbukirani kuti ndalama imeneyo ndi mwendo wa munthu, ndi msana wake, iyenera kumudyetsa moyo wake wonse. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi asanatape ngakhale tambala, ndipo amve kwa anzawo amene analandirapo, amene anamanga nyumba ndi amene zinawathera m'mabala a mowa. Onsewo ali ndi phunziro.

Kodi munthu woduka mwendo angagwirenso ntchito kuno, kumene moyo ndi khasu ndi nkhafi?

Kulowa m'matope a m'munda wa mpunga n'kovuta, inde. Koma ntchito ya mpunga si kuwokera kokha. Pali kusunga mabuku a gulu la alimi, kuyang'anira kagawidwe ka madzi, kuyendetsa chigayo chopunthira, kupakira mpunga wa Kilombero m'mapaketi ndi kusaka msika ku Mzuzu. Kunyanja kuli kusoka maukonde ndi kugula ndi kuyanika usipa. Msilikali amabwera ndi luso limene mudzi umalisowa: kusunga nthawi, kutsogolera anthu, chithandizo choyamba, ena umakaniko ndi kuyendetsa galimoto. Musamuchitire chilichonse ngati khanda. Chimene angathe yekha, achite yekha, ngakhale achedwe. Pa milandu ya pamudzi mufunseni maganizo monga kale.

Tikafuna kuyambitsa gulu, tichite chiyani?

Anthu atatu akwana. Sankhani malo ofikika ndi ndodo kapena njinga ya olumala, opanda masitepe, osakhala pamalo omwera mowa. Sankhani tsiku ndipo mulisunge, ngakhale abwere awiri okha, chifukwa munthu wovutika maganizo amayamba waonera patali ngati zinthuzo n'zokhalitsa. Maudindo a kubalaki atsale pakhomo. M'gulu sajeni ndi pulaiveti ndi ofanana, apo ayi wamng'ono sadzatsegula pakamwa. Zokambidwa m'gulu zisatuluke, kupatula za moyo uli pangozi zija. Wosafuna kulankhula asakakamizidwe, kukhalapo kokha n'kokwanira. Ndale za zipani zisalowe.

Amuna ambiri salankhula atakhala moyang'anizana, amalankhula manja ali pantchito. Choncho gulu likhale ndi chochita: bawo, dimba, khola la nkhuku, kukonza njinga. Dziwitsani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu ndipo mupemphe wachipatala wodziwa za maganizo kuti azibwera nthawi ndi nthawi kudzaphunzitsa otsogolera. Wothandiza anzake asasenze anthu ambiri, ndipo naye akhale ndi womumvera, chifukwa nkhani za mnzake zimatha kutukula zake zimene zinagona. Amene ali kutali, ku Nyungwe kapena kumapiri, muziwaimbira foni pa tsiku lodziwika. Ndipo musatseke khomo kwa wapolisi wovulala, msodzi wolumidwa ndi ng'ona kapena wakabaza woduka mwendo pa ngozi. Kumudzi ovulala kunkhondo angakhale ochepa, koma odziwa ululu wotaya chiwalo alipo.

Ife amene sitinavulale, mafumu, mipingo ndi anansi, mbali yathu ndi iti?

Mafumu, perekani malo okumanirapo, ndipo mawu akuti wopenga kapena kutchula munthu ndi chilema chake aletsedwe pabwalo lanu. Tetezani munda wa wovulala kwa olanda malire pamene iye ali m'chipatala. Abusa ndi mashehe, konzani khomo la nyumba yopemphereramo kuti njinga ya olumala ilowe, ndipo musalalikire kuti kuchedwa kuchira n'kuchepa kwa chikhulupiriro. Akuluakulu a asilikali, msilikali akapuma chifukwa cha bala musamufufute m'kaundula wa mitima yanu. Galimoto imene inakamutenga kumudzi ali wamphumphu ikhoza kukamuonanso kamodzi pa miyezi ingapo.

Inu anansi, mu November tikaima chete kukumbukira akufa kunkhondo, pamene akuluakulu akuika nkhata za maluwa pa zipilala za ku Zomba, Lilongwe ndi Mzuzu, kumbukirani kuti wina amene anali nawo limodzi akufawo ali pakhonde, nyumba yachitatu kuchokera kwanu. Musadikire November. Pitani sabata ino mukamuone, mufunsenso mkazi wake mmene wadzukira, ndipo ngati mukudziwa wina amene anavulala kale n'kuimanso, mutengeni mupite naye.